Nkhata ya m'Kanyumba ka ku Ngala

Ana anga, Tiyanjane, Madalitso ndi iwe Chisomo, za ubwana wanga sindilemba. Zimenezo mukafunse azakhali anu ku Malengachanzi, amazikumbuka kuposa ine. Ine ndikufuna kukusiyirani mbiri ya ntchito imene inakulerani, makamaka nkhani ya a Selemani, chifukwa mwakhala mukuimva mbalimbali kwa anthu a pamsika, ndipo ena amanena kuti ndine ndinawachotsetsa ntchito. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndiye pamene ndalemba mokhota muwongole nokha. Ndikuuziranitu kuti zina zimene ndilembe pano ineyo sindinazimvetse mpaka lero.

Chaka chimene bambo anu anatisiya

Ntchito yanga yoyamba inali yosesa pa ofesi ya matelefoni paboma. Amene anandilankhulira kwa abwana anali a Selemani, bambo wachisilamu wa banja lakalekale la paboma pomwepo, amene ankasewera bawo ndi bambo anu pansi pa mtengo wa mango. Panalibe chibale pakati pathu. Anangondipeza tsiku lina ndikugulitsa chinangwa chophika pamsewu, iwe Chisomo uli kumsana, n'kundiuza kuti mawa ndivale nsalu yochapa ndiwatsate.

"Bwana, ofesi ino ikununkha mileme," anatero titalowa. "Mayi awa ali ndi manja awiri ndi ana atatu. Apatseni tsache."

Abwanawo anaseka, ndipo tsache ndinapatsidwa. Ndinayamika Mulungu njira yonse yobwerera kunyumba.

Masiku amenewo mafoni ankayenda pa mawaya a mkuwa opachikidwa m'mapolo, ndipo a Selemani ndiwo ankakwera m'mapolomo. Foni ya kuchipatala kapena ya kupolisi ikafa, anthu ankangoti itanani a Selemani. Ankaika kafoni kawo kukhutu, n'kumvetsera phokoso la waya, n'kunena kuti vuto lili pafupi ndi mlatho wakuti, ndipo ankalipezadi pomwepo. Tikamamwa tiyi ankakonda kutiphunzitsa. "Anaphiri, waya ali ngati ngalande ya m'dimba la mpunga. Ikakhala yaifupi ndi yolambula bwino, madzi amafika ambiri. Ikamakhotakhota, madzi amathera m'njira. Ntchito yonse ya matelefoni ndi yomweyo basi." Ndinkakhulupirira zimenezo ngati mmene ndimakhulupirira kuti dzuwa limatulukira kunyanja.

Chaka chimene Tiyanjane analemba mayeso a sitandade eyiti

Chaka chimenecho anthu anakumba ngalande yaitali m'mbali mwa msewu wa m'mphepete mwa nyanja, kuchokera kumwera kulowera kumpoto, n'kukwiriramo chingwe chakuda. Mkati mwa chingwecho munalibe mkuwa. Munali tiulusi tagalasi toonda ngati tsitsi, ndipo anatiuza kuti mawu, zithunzi ndi makalata a m'mabanki zizidutsa m'menemo ngati kuwala kothwanimathwanima mofulumira kwambiri. Ine ndinafunsa kuti kuwala kungayende bwanji pansi panthaka, mu mdima. Amene ndinawafunsawo anangoseka. Akuba nawo sanamvetse. Ankakumba chingwecho poganiza kuti apeza mkuwa wogulitsa, n'kuchisiya chili chidukiredukire m'thengo.

Pafupi ndi Ngala anamanga kanyumba kopanda mawindo, kamene kuwalako kankapatsidwamo mphamvu kasanapitirize ulendo wa kumpoto. Ine anandisamutsira kumeneko, ndipo ndi mmene tinasamukira ku nyumba ya malata ija munakuliramo. Makiyi a kanyumbako anali ndi ine ndekha. Ntchito yanga inali kusesa, kupukuta fumbi pa makina oziziritsa mpweya, kusuzumira dizilo wa jenereta, kuthamangitsa nyerere ndi makoswe, ndi kuyang'ana tinyale ta pamakina. Lamulo lake linali losavuta: kanyale kakakhala kobiriwira zonse zili bwino, kakafiira imbani foni. Zosowa zinali zambiri. Panali nyengo ina imene dizilo anasowa dziko lonse, magetsi n'kumazima tsiku lathunthu, ine n'kumangoyang'ana mabatire akutha ndikupemphera pakhomo. Sopo ndi mopu ndinkadikira miyezi, mpaka ndinkakolopa ndi zitenje zanga zakutha.

A Selemani anawatumiza ku Lilongwe kukaphunzira kwa kanthawi kochepa, ndipo anabwerako ndi kamakina koyezera mphamvu ya kuwala. Anawapatsa chigawo chonse chochokera paboma kudutsa ku Dwangwa mpaka ku Ngala. Kumangirira ndi kuyeza ankatha bwino, koma nkhope yawo sinalinso yomasuka ngati kale. Chingwe chatsopanocho sichinkamveka kukhutu.

M'kanyumbamo munali bokosi lina lathyathyathya, lopanda nyale, lopanda magetsi, lopanda phokoso. Kachingwe kachikasu kankalowa mbali ina, kena n'kutuluka mbali ina. Amene anadzaika makinawo anatiuza kuti m'bokosimo muli ulusi wagalasi wa mtundu wina, wautali ngati kuchoka ku Ngala kukafika midzi ingapo kutsogolo, koma wokulungidwa mozungulirazungulira. Ife tinalitcha nkhata, chifukwa cha kukulungidwako.

"Ndiye ulusiwo ukupita kuti?" ndinawafunsa a Selemani.

"Kulibe kumene ukupita. Kuwala kumalowa, kumazungulira mpaka chizungulire, kenako kumatulukira pomwepo."

"Nanga n'chifukwa chiyani?"

"Akuti kukonza. Anafotokoza kusukulu kuja, koma tsiku limenelo wophunzitsa anali mzungu wa chimfine." Anagogoda bokosilo ndi chala. "Walahi, Anaphiri, munthu watopa ndi ulendo, inu n'kumuuza kuti azungulire nyumba kaye asanalowe. Chilungamo chimenecho?"

Dzinja la madzi osefukira, Madalitso ali fomu thu

Mvula ya chaka chimenecho inakokolola gombe la kamtsinje kena kumwera kwa Ngala, chingwe n'kuduka. Kunabwera anthu a kontilakiti, analumikiza mothamanga m'matope, n'kumapita. Mafoni anabwerera, koma m'kanyumba mwanga kanyale kamodzi kanayamba kufiira. A Selemani atayeza anati kuwala kukufika kofooka. A ku Lilongwe ankawaimbira m'mawa, masana ndi madzulo kufunsa kuti kanyale kofiirako kazima liti, pamene galimoto yoti apitire kumtsinjeko inalibe mafuta.

Tsiku lina m'mawa anafika panjinga yamoto, ine n'kuwatsekulira. Anayeza kuwala kusanalowe mu nkhata, anayezanso kutatuluka, n'kundionetsa manambala amene ine sindinkawadziwa.

"Mwaona? Chakudya chochepa kale, theka lake likudyedwa ndi bokosi ili."

Anazula tizingwe tiwiri tachikasu tija pa nkhata n'kutilumikiza tokhatokha, kuti kuwala kudutse molunjika. Pasanapite nthawi kanyale kaja kanabiriwira. A Selemani anaseka ngati mmene ankasekera akatsika papolo kale.

"Njira yaifupi, Anaphiri. Bwanji madzi a tiyi?"

Sanabise kanthu ndipo sanandiuze kuti ndisauze munthu. Tonse tinaona ngati tachita bwino. Ine ndinayamika Ambuye kuti a ku Lilongwe awasiya apume.

Koma kuyambira madzulo a tsiku lomwelo zinthu zinasokonekera m'dera lonse. Mafoni ankangodukaduka. Ku Dwangwa anthu a m'minda ya nzimbe anaima pamzere wa kubanki mpaka dzuwa kupendeka, akuuzidwa kuti netiweki palibe. A ku Lilongwe akandiimbira ndinkayankha zoona zimene ndinkaona, kuti tinyale tonse n'tobiriwira. "Mwayang'ana bwino, mayi?" Ndinkayang'ananso, mpaka ndinapukuta tinyaleto ndi nsalu poganiza kuti mwina maso anga ayamba kundinamiza. A Selemani anayenda m'mbali mwa msewu masiku angapo kufunafuna pamene akuba akumba, osapeza kanthu. Iwo kapena ine, palibe amene anaganizako za nkhata. Chinthu chobiriwira chingakhale bwanji ndi mlandu?

Kenako kunabwera injiniya, a Mhango, mtsikana wa kumpoto wocheperako kwa mwana woyamba wa a Selemani. Anafika ndi dalaivala, ndipo m'kanyumbamo tinalowa tonse, a Selemani, ine ndi mlonda wa pageti. A Mhango anati kulikulu aona kuti kuwala kwa pa Ngala kunakwera mwadzidzidzi popanda wokonza kumtsinje. Anayang'ana makinawo pang'ono chabe, n'kugwada kutsogolo kwa nkhata. Anapukuta nsonga za tizingwe tija, n'kutibwezera m'malo mwake. Kanyale kaja kanafiiranso. Posachedwa foni yawo inalira, a kulikulu akuti zonse zayamba kuyenda.

Pobiriwira zinthu zinafa, pofiira zadzuka. Ndinalimba mtima n'kufunsa a Mhango kuti zimenezi zikutheka bwanji.

"Mama, mumapita kumaliro a kutali ndi amayi a kumpingo?" anandifunsa.

"Timapita."

"Tinene kuti gulu la mpingo wanu lanyamuka, patapita kanthawi la mpingo wina lanyamukanso. Mukafika kutali, mumafika muli m'magulu momwe munanyamukira?"

"Ayi. Amiyendo amatsogola, ife onenepa timatsalira."

"Ndiye othamanga a gulu la m'mbuyo amapeza otsalira a gulu la kutsogolo, n'kusakanikirana. Wolandira alendo sangadziwe kuti uyu ndi wa gulu liti. Kuwalaku n'chimodzimodzi. Kuthwanima kulikonse kuli ngati kagulu, ndipo m'kagulumo muli mitundu ya kuwala yosiyana pang'ono. Ina imafulumira, ina imachedwa. Ulendo ukatalika kuthwanima kumatambasuka n'kulowerera kunzake, makina a kutsogolo osatha kuwerenga. Ulusi wa m'bokosi umu unapangidwa mosemphana ndi wa mumsewu. Amene anatsogola amachedwa m'menemu, amene anatsalira amawapeza. Potuluka, kagulu kalikonse kamakhala kabwereranso pamodzi."

"Koma kumatuluka kofooka," ndinatero, pokumbukira manambala aja.

"Kumafookadi, ndiye chifukwa chake pali makina owonjezera mphamvuwa. Kufooka ndi vuto lina, kubalalika ndi vuto lina. Kanyale aka kamangoona za mphamvu. Kufiiraku tikakonza kumtsinje."

Ndinagwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima ndinkafunsabe. Amayi otopa pa ulendo wa kumaliro, mankhwala ake n'kuwawonjezera mtunda? Ndipo ndi njira yanji imene imadziwa kuti uyu ndi wamiyendo ndimuchedwetse, uyu ndi wonenepa ndimukankhe? Sindinafunsenso, chifukwa a Mhango anali ataimirira kale n'kufunsa funso lawo.

"Ndani anasuntha tizingwe iti?"

Dalaivala anayang'ana mlonda, mlonda anayang'ana ine. A Selemani ankayang'ana nsapato zawo. Ana anga, muyenera kumvetsa. Bambo wa imvi, wolemekezeka pa mzikiti ndi paboma ponse, sakanatha kunena kuti ndine pamaso pa dalaivala ndi mlonda, kwa mtsikana wa msinkhu wa mwana wake. Kwathu kuno mkulu akaphonya samuululira pagulu.

Tili panja a Mhango anandikokera pambali. "Mama, sindikukuopsezani, koma kulikulu akwiya. Mabanki adandaula. Akuti pofika Lolemba akufuna dzina, ndipo likapanda kupezeka achotsa wosunga makiyi, chifukwa palibe angalowe muno inu osadziwa."

"Ndipatseni mpata ndipemphere," ndinatero.

"Yewo, mama. Koma Lolemba ndi Lolemba."

Loweruka la sabata lomwelo

Ndinapemphera, koma yankho silinabwere loyera. Ndikanena, ndapereka munthu amene ananditola pamsewu. Ndikakhala chete, inu atatu mubwerera ku chinangwa chophika. Kunama kuti sindikudziwa sindikanatha, chifukwa Mulungu anandiona ndikutsekula chitseko. Kupita kwa a Selemani maso ndi maso n'kuwauza kuti kavomereni, zimenezo mkazi wamasiye sanganene kwa bambo wa msinkhu umenewo. Inatsala njira imene amayi athu anatiphunzitsa, yakuti mawu olemera opita kwa mwamuna wa mwini amadzera kukhitchini.

Ndinakwera minibasi kupita kuboma. Mkazi wa a Selemani, a Mwanaisha, ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo akupeta mpunga. Anandilandira bwino, ndipo ndinatenga lichero lina n'kuyamba kuwathandiza. Tinakamba za mvula, za miyendo yawo yotupa, za iwe Madalitso ndi sukulu. Kenako ndinati kuntchito kwagwa nkhani, ndipo Lolemba mwina ndibweza makiyi.

"Mwalakwa chiyani?"

"Ndinatsekulira munthu chitseko."

"Wakuba?"

"Ayi. Munthu wabwino, amene ankafuna kukonza."

A Mwanaisha anasiya kupeta. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuyang'ananso kukhonde kumene kunali njinga yamoto ya amuna awo.

"N'chifukwa chake sakudya bwino," anatero motsitsa mawu. Kenako mawu awo anauma. "Anaphiri, mukudziwa kuti bambowa atsala pang'ono kupuma ndi ulemu wawo? Zaka zonsezi akukwera m'mapolo, mvula, dzuwa, mavu akuwaluma. Lero mwabwera kudzawatenga ngati mbuzi ya sadaka?"

"Sindinabwere kudzatenga munthu, mayi. Dzina lawo sindinalitchule kwa aliyense."

"Nanga Lolemba mudzalitchula?"

"Sindikudziwa."

Zinali zoona, sindinkadziwa, ndipo mpaka pano sindidziwa chimene ndikanayankha. Anandilanda lichero mwakachetechete, n'kunena kuti dzuwa lapita, minibasi zitha. Sanandiperekeze ngakhale pachipata.

Lolemba lake

A Mhango anafika m'mawa. Ine ndinali nditavala nsalu yanga ya kumpingo, makiyi ndili nawo m'manja. Tisanayambe kulankhula tinamva njinga yamoto. A Selemani sanavale ovolosi ya ntchito. Anavala mkanjo woyera ndi kofia, ngati akupita ku mzikiti tsiku la Ijumaa, ndipo kumbuyo anakweza achimwene awo aakulu kuti akhale mboni. Anapempha dalaivala ndi mlonda kuti apite kaye kumsewu. Ine ndinafuna kuwatsatira, koma anati, "Inu khalani."

"Mwana wanga," anatero kwa a Mhango, "tizingwe tija ndinasuntha ndine. Mayi awa anangotsekula chitseko ndi kuphika tiyi. Lembani choncho."

A Mhango anaweramitsa mutu. "Ndamva, adada. Ndilemba kuti munkafuna kuzimitsa kanyale kofiira, ndiponso kuti kumtsinje kunalumikizidwa molakwika."

"Lembani zimene mukufuna. Koma ndifunse chimodzi. Kuwala kunakwera kapena sikunakwere?"

"Kunakwera."

"Ndiye kuwala kwambiri, kofika msanga, kodzera njira yaifupi, n'kumene kunapha mafoni?"

"N'komweko, adada."

Anatembenukira kwa achimwene awo. "Mwamva, akulu? Madzi achuluka m'ngalande, mpunga wauma." Achimwene awowo anangoti Mulungu ndiye adziwa. A Mhango anayamba kufotokozanso za magulu a amayi aja, koma a Selemani anakweza dzanja. "Basi, mwana wanga. Nthawi yanga inathera papolo."

A kulikulu sanawachotse mwamanyazi, koma anawauza kuti apume mwezi womwewo, nthawi yawo isanakwane. Panalibe phwando lotsanzikana. Kumtsinje kunakonzedwa, kanyale kanabiriwira nkhata ili m'malo mwake, ndipo ine ndinapitiriza ntchito mpaka nonse munamaliza sukulu. Ndikamapukuta bokosi lija ndinkalipukuta mwamantha, osakhudza tizingwe. Ndili pafupi kupuma kunabwera makina atsopano amene akuti amakonza kubalalika kuja ndi masamu okha, kumapeto kwa ulendo. Anyamata awiri anazula nkhata ija, n'kulumikiza tizingwe molunjika, monga momwe anachitira a Selemani, n'kuponya bokosilo kumbuyo kwa galimoto. Palibe foni inaduka. Ndinakhala pa sitepe ndikuyang'ana galimotoyo ikupita, osadziwa kuti ndiseke kapena ndilire.

Chaka chatha

A Selemani akakumana nane paboma ankandipatsa moni ndi kufunsa za inu mmodzimmodzi, koma za ntchito sitinakambeponso. A Mwanaisha ndiwo sanandilankhulenso. Tikakumana pamsika ankatembenukira ku tomato. Ndinkawapempherera, koma sindinkadziwa ngati ndipemphe kuti andikhululukire kapena kuti amvetse, poti inenso sindinkadziwa ngati ndinalakwa.

Uthenga wa imfa ya a Selemani unandipeza m'mawa, ndipo mukudziwa kuti anzathu achisilamu sachedwa kuika. Ndinasiya zovala m'beseni n'kuthamangira minibasi. Ndinafika amuna atanyamula kale jeneza kupita kumanda, amayi atatsala pakhomo monga mwa mwambo wawo. Mabwalo onse anali odzaza, mikeka yonse ili ndi anthu. Ndinaima pafupi ndi nkhokwe, ndekha wovala duku la kumpingo, amayi ena akundiyang'ana n'kumanong'onezana. Ndinaganiza zongogwada pomwepo, kupereka pepani chapatali, n'kubwerera.

A Mwanaisha anali pamkeka wa pakhonde, pakati pa abale awo. Anakweza maso n'kundiona. Sanamwetulire ndipo sanandiitane. Anangokhudza mchemwali wawo pabondo kuti asunthe, iwonso n'kusendera pang'ono, mpaka pambali pawo panaoneka kampata ka munthu mmodzi.

Ndinavula nsapato n'kukakhala pamenepo.